ZA KUKALAMBA KWA MBEU NDI KWA MUNTHU

Kwa inu eni nyumba ndi akuru a m'midzi:

Pali zinthu zitatu zimene mlimi ali yense aziona caka ndi caka. Khasu losiyidwa pabwalo m'dzinja licita dzimbiri. Nsinjiro zogonera m'mbale masabata angapo zisanduka pfungo, niziwawa pakhosi. Mtedza wa mbeu woswedwa msanga, ukakhala m'thumba pansi pa malata otentha, umera wa apa ndi apo, ndipo mwini munda azindikira tsoka lace mvula yobzalira itapita kale. Cinthu cacinai muciona pa matupi anu: imvi, makwinya, maso oyamba kucita mdima, ndi maondo okana phiri limene kale munalikwera cothamanga.

Zinai izi ziri paubale, pakuti m'zonsezi mulowa mpweya womwewu umene tiupuma. M'kabuku muno tifuna kukufotokozerani m'mene mpweya wopatsa moyo udyeranso moyo, ndi cimene anzeru anapeza poyesa kuletsa kudyako. Muyenera kuzidziwa, cifukwa zikhudza mbeu yanu, ndalama zanu, ndi zaka za anthu a m'nyumba mwanu.

1. MOTO WA M'THUPI

Mpweya suli wa mtundu umodzi. Mwa magawo ace 100, magawo 21 ndiwo mpweya wochedwa okosijeni, umene uyatsa moto ndi kusunga moyo. Mukabvundikira makala amoto ndi mphika, azima; momwemonso munthu akatsekedwa mphuno ndi pakamwa, afa.

Caka ca 1774 Mngerezi wina, dzina lace Joseph Priestley, anapatula mpweya umenewu pa wokha, naona kuti kandulo iyaka m'menemo ndi lawi lalikuru, nitha msanga. Pamenepo anaganiza kuti kapena munthu wopuma mpweya wotere wokha wokha akadatha moyo wace msanga monga kandulo ija. Zitapita zaka zowerengeka, Antoine Lavoisier wa ku France anatsimikiza kuti kupuma kwa nyama ndi kwa anthu ndiko kuyaka kwa pang'ono pang'ono. Nsima ndiyo nkhuni, okosijeni ndiye akoleza, ndipo cifundizi ca thupi ndi mphamvu ya kulima zicokera ku moto umenewo.

Nanga motowo uyakira pati? Thupi limangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. M'kati mwa selo muli timafuwa tace tating'ono, dzina lace mitochondria, ndipo pamenepo cakudya cikomana ndi okosijeni usana ndi usiku, kuyambira m'mimba mwa amai kufikira tsiku la kufa.

2. MBALIWALI ZA MOTOWO

Palibe moto wa nkhuni wosaturutsa mbaliwali, ndipo moto wa m'thupi uli nazo zace. Zinthu zonse, citsulo, mafuta, mnofu, zipangidwa ndi tizidutswa tocepetsetsa, ndipo tizidutswato tigwirana ndi tinthu tina tocepa koposa, tochedwa ma electron. Amenewa akonda kukhala awiri awiri monga ng'ombe za pagoli. Pa mafuwa a selo okosijeni alandira ma electron mwa dongosolo lace, nasanduka madzi, osapweteka kanthu. Koma nthawi zina electron mmodzi apulumuka panjira, nagwera pa okosijeni nthawi yace isanakwane. Kadutswa kotere, kokhala ndi electron wopanda mnzace, anzeru akacha free radical. Ife m'kabuku muno tidzati mbaliwali.

Mbaliwali siikhala cete. Ilanda electron kwa kadutswa koyandikana nayo, ndipo kolandidwako kasanduka mbaliwali nakonso, nikalanda kwa kena. Ziri monga munthu wobedwa mbuzi, amene m'malo mwa kupita ku bwalo akaba ya mnansi wace, ndi mnansiyo akaba ya wina, kufikira makola onse a m'mudzi asokonezeka. Kulandana kotere kuthamanga makamaka m'mafuta, ndipo ndico cimene cinunkhitsa nsinjiro. M'thupi mbaliwali ziononga zinthu zitatu: mafuta a m'makoma a selo, tizipangizo togwira nchito m'kati mwace, ndi DNA, ndiyo malangizo a cibadwa amene selo liwatsata podzikonza ndi pobala lina.

Caka ca 1954 mai wina wa ku Argentina, Rebeca Gerschman, pamodzi ndi anzace, anasonyeza kuti okosijeni wocuruka apweteka nyama mwa njira yofanana ndi ceza ca X-ray, ndi kuti njirayo ndiyo ya mbaliwali. Ndipo caka ca 1956 dotolo wa ku America, Denham Harman, amene kale anagwira nchito ya kuyesa mafuta a galimoto, analemba kuti ukalamba ndiwo kuunjikana kwa zipsera za mbaliwali pa moyo wonse wa munthu. Caka ca 1972 anaonjeza kuti gwero lace lalikuru ndilo mafuwa a selo aja.

3. ALONDA A THUPI

Poyamba ambiri sanabvomere mau a Harman. Koma caka ca 1969 Joe McCord ndi Irwin Fridovich, a sukulu yaikuru ya Duke ku America, anapeza m'mwazi wa ng'ombe kacipangizo kamene nchito yace ndiyo kuzima mbaliwali ya okosijeni. Anakacha superoxide dismutase. Pamenepo anthu anati: Thupi silikadaika mlonda pakhomo pakadapanda mbala.

Mlonda ameneyu asandutsa mbaliwali kukhala hydrogen peroxide, yemwe uja atsukira zironda ku cipatala. Mlonda waciwiri, catalase, aswa ameneyo kukhala madzi ndi mpweya, ndipo thobvu limene muliona pa cironda potsuka ndiyo nchito yace. Alonda awa thupi lidzipangira lokha. Ena alowa ndi cakudya: vitamini C wa m'malambe, magwafa, mandimu ndi masamba, vitamini E wa mu mtedza, ndi beta carotene, cinthu cofiirira ca m'maungu, mango ndi mapapaya. Zonse zozima mbaliwali zichedwa antioxidants. Kuonjezera apo, selo liri ndi amisiri ace amene acotsa zoonongeka ndi kusoka DNA yong'ambika. Cotero thupi lamoyo licita ziwiri: lizima mbaliwali, ndipo likonza pamene zapsereza.

4. MBEU M'NKHOKWE

Mbeu youma iri ndi moyo, koma iri m'tulo, ndipo alonda ndi amisiri ace agona nayo pamodzi. Mpweya ulowabe, mafuta a m'njere adyeka pang'ono pang'ono, DNA ing'ambika, koma wokonza palibe kufikira tsiku limene njere imwa madzi m'nthaka. Zoonongeka zikakhala zocepa, njere idzikonza nimera. Zikacuruka, imera mocedwa ndi mmera wofoka, kapena ibvunda m'phando. Mtedza ndi soya, zimene ziri ndi mafuta ambiri, zikalamba msanga koposa cimanga ndi mapira.

Popeza mbeu siikhoza kudzilonda, mlonda wace ndinu. Zofulumiza kukalamba kwace ziri zitatu: cinyontho, kutentha, ndi mpweya. M'zaka za 1960 mphunzitsi wa za mbeu ku California, J. F. Harrington, anapereka malamulo awiri a ciyerekezo. Loyamba: mukacepetsa cinyontho ca mbeu ndi gawo 1 pa 100, masiku ace a moyo awirikiza kawiri. Laciwiri: mukacepetsa kutentha kwa mosungiramo ndi madigiri 5, awirikizanso kawiri. Cifukwa cace nkhokwe yaikuru ya mbeu za maiko onse, imene inatsegulidwa caka ca 2008 pa zisumbu za Svalbard kumpoto kwa Norway, isunga mbeu zouma m'timatumba tomata, pa kuzizira kwa madigiri 18 kunsi kwa pamene madzi aundana. Ndipo njere za kanjedza zimene zinakumbidwa ku Masada, m'cipululu couma ca pafupi ndi Nyanja Yakufa, zitagona zaka ngati 2,000, imodzi inamera caka ca 2005.

Inu mulibe cisanu ca ku Svalbard, koma izi mukhoza:

Umitsani mbeu bwino musanasunge. Cimanga ciyenera kutsika kufikira magawo 13 a cinyontho pa 100. Kuti muyese, thirani njere m'botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, tsekani, khutcumulani, nimudikire kanthawi. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbeu siinaume, ibwezereni padzuwa.

Mtedza wa mbeu muusunge m'makoko ace, ndi kuuswa masiku owerengeka musanabzale. Khoko ndilo cobvala cace, ndipo njere yosupuka khungu ilowedwa mpweya msanga.

Musaike mbeu pansi peni peni pa malata, kapena pomwe lawi la m'khicini lifika. Funani malo a mthunzi ndi ozizira, ndipo matumba akhale pa thandala, osati pa dothi.

Mbeu youma bwino muitsekere m'cigubu, m'mtsuko womata pakamwa, kapena m'matumba osalowa mpweya monga a PICS. M'menemo anankafumbwe atha mpweya okha, nafa. Koma mbeu yosauma musaitsekere konse, pakuti idzacita nkhungu.

Masabata atatu mvula isanagwe, werengani njere 100, muziike m'mcenga wonyowa kapena m'ciguduli conyowa, ndi kuwerenga zomera atapita masiku 7 kufikira 10. Zikamera 80 kapena kuposa, bzalani. Zikacepera pang'ono, onjezerani njere m'phando. Zikapanda kufika 60, funani mbeu yina nthawi ikalipo.

5. ANZERU AYESA MIBULU

Tsono anthu anaganiza kuti: Ngati mbaliwali ndizo zikalambitsa, timeze zozima mbaliwali zambiri, ndipo tidzakhala zaka zocuruka. Maganizo amenewa anamveka okoma, ndipo mibulu ya mavitamini inagulidwa ndi ndalama zosawerengeka. Koma mlimi wanzeru saweruza mbeu yacilendo ndi mau a wogulitsa. Aibzala mzere umodzi pambali pa yace yakale, naona pokolola. Madotolo anacita comweco.

Ku Finland anatenga amuna 29,133 osuta fodya, a zaka 50 kufikira 69. Ena anawapatsa beta carotene, ena vitamini E, ena zonse ziwiri, ndi ena mibulu yopanda kanthu, tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 kufikira 8. Powerenga caka ca 1994, anapeza kuti mwa omwa beta carotene nthenda ya khansa ya m'mapapu inacuruka ndi 18 pa 100, ndi imfa ndi 8 pa 100, kuposa mwa osamwa. Ku America anayesa anthu 18,314, osuta fodya, oleka kusuta, ndi ogwira nchito m'pfumbi la asbestos, nawapatsa beta carotene ndi vitamini A. Caka ca 1996 analekeza kuyesako nthawi yace isanakwane, pakuti khansa ya m'mapapu inacuruka ndi 28 pa 100, ndi imfa ndi 17 pa 100. Ndipo caka ca 2011, mwa amuna 35,533, anapeza kuti omwa vitamini E anadwala khansa ya prostate kuposa anzao ndi 17 pa 100.

Nyama nazonso zinapereka umboni wosagwirizana. Ku Seattle, caka ca 2005, mbewa zoonjezeredwa catalase pa mafuwa a selo zinaposa zinzao ndi miyezi ngati 5. Koma ku San Antonio, m'dziko la Texas, caka ca 2003, mbewa zocotsedwa theka la mlonda mmodzi zinali ndi DNA yoonongeka kwambiri ndi zotupa zocuruka, komabe masiku ao analingana ndi a zinzao. Ndipo caka ca 2009 anzeru a komweko ananena kuti kuonjezera alonda osiyana siyana m'mbewa sikunatalikitse moyo wao. Palinso kanyama ka mtundu wa mfuko, kopanda ubweya, kokhala pansi pa nthaka ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia. Msinkhu wace ulingana ndi mbewa. Mbewa siipitirira zaka 4, koma kameneka kapitirira zaka 30. Ndipo poyesa caka ca 2006 anapeza kuti thupi lace, kakali kakang'ono, liri ndi zipsera za mbaliwali zoposa za mbewa.

Potero makono anzeru ati mbaliwali ziri ndi gawo m'ukalamba ndi m'nthenda zace, koma siziri cifukwa cokha. Caka ca 2013 ena anawerenga zizindikiro 9 za kukalamba kwa selo, ndipo kufoka kwa mafuwa ace kunali cimodzi cabe mwa izo. Munthu amene zaka zace zinatsimikizika kuti zinaposa za onse, Jeanne Calment wa ku France, anamwalira caka ca 1997 ali ndi zaka 122, ndipo palibe mbulu umene wasonyezedwa kuti usuntha malire a moyo wa munthu.

6. MBALIWALI ZIRI NDI NCHITO YACE

Nanga mibulu inalephera cifukwa ninji? Makolo anati, Walira mvula, walira matope. Mbaliwali zidza pamodzi ndi moto wa moyo, ndiponso thupi lizigwiritsa nchito. Maselo oyera a m'mwazi, amene ali asilikari a thupi, akameza kacirombo ka nthenda akapha ndi mbaliwali zopanga dala. Alipo ana ena obadwa ndi asilikari osakhoza kupanga mbaliwali, ndipo ana otere adwala zithupsya ndi cibayo kawiri kawiri. Ngakhale njere, pomera, ifuna mbaliwali pang'ono kuti muzu uboole khungu.

Ndiponso mbaliwali ziri ngati mfuu yodzutsa alonda. Munthu akagwira nchito yolimba, mafuwa a m'minofu ayaka kwambiri, mbaliwali zicuruka kanthawi, ndipo thupi poona ici lipanga alonda ndi amisiri ena, nilikhala lolimba koposa kale. Caka ca 2009 ku Germany anayesa anyamata ocita masewero olimbitsa thupi masabata 4. Ena anamwa vitamini C ndi E wambiri, ena sanamwe. Mwa osamwa alonda a thupi anacuruka, ndipo thupi linasamala bwino shuga wa m'mwazi. Mwa omwa phindu limeneli silinaoneke. Mibulu inatseka mfuu, ndipo alonda sanadzuke.

Apa ndipo pali kusiyana kwa mbeu ndi munthu. Mbeu yogona siidzikonza, cotero muibisa kwa mpweya ndi kutentha. Munthu ali maso, ndipo thupi lace lidziwa muyeso wace wa mbaliwali. Cimene afuna kwa inu ndico kuti musamthirire mbaliwali zocokera kunja, ndi kuti amisiri ace asasowe zomangira.

7. ZOYENERA KUCITA PA KHOMO PANU

Coyamba, fodya. Utsi wace udzala ndi mbaliwali ndi ululu wina wambiri. Ku Britain, Richard Doll ndi anzace anatsata madotolo amuna 34,439 kuyambira caka ca 1951, ndipo caka ca 2004 ananena kuti osuta ndudu moyo wao wonse amwalira msanga ndi zaka ngati 10. Oleka ali ndi zaka 30 anabwezeredwa pafupi fupi zonse 10. A zaka 40, zaka 9. A zaka 50, zaka 6. A zaka 60, zaka 3. Motero musanene kuti mwacedwa. Ngakhale mulima fodya wa malonda, musamsute.

Caciwiri, utsi wa m'khicini, umene akazi anu ndi makanda a kumbuyo kwao aupuma tsiku ndi tsiku. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linayerekeza kuti caka ca 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu ngati 3,200,000. Boolani mazenera m'khicini, umitsani nkhuni zisanafike pamoto, phikirani pabwalo nyengo ya mwamvu, ndipo umbani mbaula yadothi monga ya Chitetezo, imene idya nkhuni zocepa. Makanda akhale kutali ndi utsi.

Cacitatu, kacasu ndi mowa wocuruka. Ciwindi poswa mowa cituritsa mbaliwali m'kati mwace, ndipo zaka zikapita ciuma ndi zipsera.

Cacinai, dimba ndi mitengo ya zipatso. Anthu odya masamba ndi zipatso zambiri adwala pang'ono nthenda za mtima ndi za kufa ziwalo, ngakhale mibulu yotengedwa ku zomwezo siinapatse phindu lotere. Pakuti m'tsamba muli zinthu zambiri zogwirizana, ndi pa muyeso wocepa. A WHO alangiza magalamu 400 pa munthu wamkuru tsiku liri lonse, ndiko kunena manja odzala kasanu. Bonongwe, cisoso, luni, nkhwani, khwanya ndi cigwada musaziyese ndiwo za amphawi. Bzalani mapapaya, magwafa ndi mango pa khomo, ndi mbatata yofiira m'kati monga Zondeni. Masamba aphikidwe kanthawi kocepa, m'madzi ocepa, opanda soda kapena cidulo, pakuti izi zipha vitamini C. Mfutso uyanikidwe pa mthunzi. Nsinjiro zisinjidwe za masiku owerengeka, ndipo mafuta okazingira amene ada ndi kununkha atayidwe.

Cacisanu, nchito. Nkhalamba musaikhazike pa mphasa tsiku lonse poyesa kuti muicitira ulemu. Iyende, ipalire pang'ono, iluke nsengwa, idyetse nkhuku, monga mwa mphamvu yace. Polima padzuwa bvalani cipewa ca mlomo waukuru, pakuti ceza ca dzuwa cikalambitsa khungu ndi kufulumiza ng'ala m'maso.

Cacisanu ndi cimodzi, ndalama. Akadza munthu pa msika kapena pa khomo ndi mabotolo, nati mankhwala ace atsuka mwazi ndi kubweza unyamata, mumfunse kuti anayesedwa pa anthu angati, ndi kwa zaka zingati. Mtengo wa botolo limodzi ukhoza kugula mbeu ya dimba lonse. Koma musasokoneze mau awa ndi mankhwala a ku cipatala. Vitamini A amene apatsa ana ku sikelo, ndi mibulu yoonjezera mwazi ya amai apakati, zipatsidwa kwa thupi losowa, pa muyeso woyesedwa, ndipo zipulumutsa miyoyo. Zimenezo landirani, ndi kumwa monga adotolo anena.

Ukalamba udzafika pa nyumba iri yonse, ndipo palibe wougulira njira yolambalala. Koma kuti munthu afike ku imvi ali ndi mapapu abwino, maso openya ndi miyendo yoyenda, gawo lalikuru liri m'manja mwa mwini nyumba, monga momwe kumera kwa mbeu ya caka ca mawa kuli m'manja mwace pa tsiku la kukolola. Werengani mau awa pamaso pa akazi anu ndi ana anu, muwafotokozerenso anansi osadziwa kuwerenga. Ndipo mvula isanagwe, yesani njere zanu 100.